Matumba ndi Omwewo, Phindu N'losiyana

Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, amalonda ambiri anakweza mitengo ya katundu yemwe anali kale m'mashelefu. Ogula anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka: katunduyu munaoda pa mtengo wakale, nanga mukukwezeranji? Wamalonda naye sanasowe poyankha: ndikagulitsa pa mtengo wakale, mawa ndikaoda ndi chiyani?

Mkangano umenewu si wa pamsika pokha. Maakauntanti akhala akulimbana nawo kwa zaka zambirimbiri, kungoti iwo amaufunsa mwa njira ina. Ukagula katundu wofanana pa mitengo yosiyana, n'kugulitsako wina, amene watulukayo umuwerengere pa mtengo uti? Funsoli likumveka ngati lachibwana, koma yankho lake ndi limene limanena kukula kwa phindu lolembedwa m'buku, msonkho umene ukapereke ku MRA, ndiponso ngati a banki akukongoze kapena akuuze kuti ubwerenso chaka chamawa.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi shopu ya hadiweya ku Mchesi. Mitengo ndikutchulayi ndangoisankha kuti masamu asavute. Mu Okutobala anaoda matumba 100 a simenti pa K15,000 limodzi. Mu Disembala, kwacha itagwa, anaodanso matumba 100 pa K21,000. Pofika kumapeto kwa chaka wagulitsa matumba 120 pa K25,000, kutanthauza kuti m'kabati mwalowa K3,000,000, ndipo kuseri kwatsala matumba 80. Anyamata onyamula katundu sasankha. Amakoka thumba limene lili pafupi ndi khomo, nalikweza pa wilibala, basi. Palibe angalumbire kuti ili ndi la Okutobala, ilo ndi la Disembala. Komabe m'buku muyenera kulembedwa kanthu.

Njira yoyamba amaitcha FIFO, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Timayesa kuti matumba 100 a Okutobala onse anapita, n'kuwonjezerapo 20 a Disembala. Ogulitsidwawo ndiye kuti anamudyera mayiyu K1,500,000 kuphatikiza K420,000, zonse pamodzi K1,920,000. Tikachotsa pa K3,000,000 ija, phindu ndi K1,080,000. Matumba 80 otsalawo alembedwa pa mtengo watsopano, K1,680,000.

Njira yachiwiri ndi LIFO, yomwe imangotembenuza nkhaniyi: chomaliza kulowa ndicho choyamba kutuluka. Apa timayesa kuti a Disembala onse 100 ndi amene anapita, kenako 20 a Okutobala. Mtengo wa ogulitsidwa ukwera kufika pa K2,400,000, phindu litsika kufika pa K600,000, ndipo otsala aja alembedwa pa mtengo wakale, K1,200,000. Yachitatu ndi ya avereji: usasankhe, sakaniza zonse. Matumba 200 anadya K3,600,000, choncho lililonse ndi K18,000. Ogulitsidwa akhala K2,160,000, phindu K840,000, otsala K1,440,000.

Shopu ndi imodzi, matumba ndi omwewo, ndalama za m'kabati sizinasinthe ngakhale ndi tambala, koma phindu latuluka patatu. Palibe amene wanama. Chimene chikuchitika n'chakuti K3,600,000 imene mayiyu anaodera katundu iyenera kugawidwa pawiri, gawo la katundu wotuluka ndi gawo la katundu wotsala. Ukachulukitsa uku, uko kwachepa. Zimene sunawerengere chaka chino zidzakupeza chaka chamawa, matumba otsalawo akadzagulitsidwa. Shopu itati itsekedwe, katundu yense n'kutha, njira zitatuzi zikanapereka phindu lofanana ndendende. Zimasiyana pa nthawi imene phindulo likuonekera, ndipo pa nkhani ya msonkho nthawi si chinthu chochepa. Pa msonkho wa makampani wa 30 peresenti, tikaiwala kaye lendi ndi malipiro a antchito, FIFO ifuna K324,000 pomwe LIFO ikanafuna K180,000 yokha.

Tsono pali nambala yachinayi imene siilembedwa m'buku lililonse, chonsecho ndi imene imamusowetsa tulo mayiyu. Kuti abwezeretse matumba 120 amene atuluka, pa mtengo wa lero wa K21,000, akufunika K2,520,000. Pa K3,000,000 ija ndiye kuti atsala ndi K480,000 basi. Akakhulupirira buku la FIFO n'kutenga K1,080,000 kukamangira mpanda kunyumba, akhala atatenga K600,000 imene inayenera kubwerera ku shopu. Uku ndiye kudya mpamba kosaoneka. Munthu saledzera, sasakaza, mabuku ake ndi oyera, koma chaka chilichonse mulu wa matumba kuseri kuja ukunka nufupika. Ndikamamva anthu akunena kuti uje bizinesi inamugwera chifukwa cha kusasamala, ndimafuna nditaona kaye kuti mitengo inkayenda bwanji m'zaka zimenezo.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, bwanji tonse osangotsata LIFO, popeza ndi imene yayandikirako ku choonadi cha m'thumba? Yankho lalifupi n'lakuti kuno n'kosaloledwa. Malawi amatsata malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama otchedwa IFRS, amene amakonzedwa ndi bungwe la IASB ku London, ndipo kwathu kuno bungwe la maakauntanti la ICAM ndi limene limalimbikitsa mamembala ake kuwatsata. Lamulo lokhudza katundu wogulitsa, IAS 2, linaletsa LIFO kuyambira mu 2005. Ngakhale malamulo ofewerapo amene anatuluka mu 2009 kuti athandize mabizinesi ang'ono ndi apakati sailola.

Zifukwa zake zilipo zomveka. LIFO imakonza mbali ya phindu koma n'kuwononga mbali ya katundu wotsala. Ngati mayi uja sadzalola kuti stoko yake itsike kupyola matumba 80, matumbawo adzakhalabe olembedwa pa K15,000 ngakhale patapita zaka 20, mtengo weniweni utakwera kakhumi. Wowerenga bukulo adzaganiza kuti m'shopu mulibe kanthu. Ndiye chaka china katundu akadzasowa, mayiyu n'kugulitsa mpaka matumba a pansi aja, mtengo wakalekale uja udzakumana ndi mtengo wogulitsira wa tsiku limenelo, n'kutulutsa phindu lalikulu lochititsa mantha, msonkho wake n'kubwera pa kamodzi. Vuto lina ndi lakuti LIFO imapatsa mwini bizinesi chiwongolero. Akaona kuti phindu lachuluka, angathe kuoda katundu wodula sabata yomaliza ya chaka, ndipo katunduyo, ngakhale asanatsitsidwe n'komwe pa lole, m'buku aoneka ngati ndi amene anagulitsidwa.

Ku America LIFO ikadali yamoyo. Malamulo a msonkho kumeneko anayamba kuilola chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo makampani ambiri anaithamangira m'zaka za m'ma 1970 mitengo itayamba kukwera kwambiri. Koma boma linaikapo msampha: ukagwiritsa ntchito LIFO powerengera msonkho, uigwiritsenso ntchito m'mabuku amene ukuonetsa eni masheya. Sungauze a msonkho kuti wapindula pang'ono, eni kampani n'kuwauza kuti wapindula zambiri. Makampani a mafuta monga ExxonMobil amaitsatabe, ndiye munthu wofuna kuwayerekeza ndi anzawo a ku Ulaya amayenera kuyamba wawongola kusiyana kumeneku.

Kwathu kuno tatsala ndi FIFO ndi avereji. Avereji imakomera katundu amene amasakanikiradi, monga mafuta a m'thanki ya pa filing'i siteshoni kapena chimanga chimene wavenda wagula kwa alimi osiyanasiyana n'kukhuthulira pamodzi. Makompyuta ambiri a m'mashopu amaiwerengera okha, kusintha avereji nthawi iliyonse katundu watsopano akalowa. Imafewetsako kudumpha kwa mitengo, ngakhale siikuchotsa. Chofunika kumvetsa n'chakuti njira zimenezi zikunena za kayendedwe ka mitengo m'buku, osati ka matumba enieni. Wogulitsa mkaka ayenera kutulutsa wakale poyamba kuti usawonongeke, koma m'buku angathe kutsata avereji. Chimene lamulo limakana ndi kudumphadumpha, chaka chino FIFO, chamawa avereji, malinga ndi imene ikukukomera. Ukasintha uyenera kupereka chifukwa, n'kuwerengeranso za chaka chatha mwa njira yatsopanoyo kuti anthu athe kuyerekeza.

Pali amalonda ena amene mkangano wonsewu suwakhudza. Woitanitsa magalimoto ku Japan, n'kudzera nawo pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, amadziwa kuti galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya chasisi. Imene yagulidwa ndi yomweyo, ndipo mtengo wake ndi umene inadya iyoyo. Katundu wotere lamulo limafuna kuti awerengeredwe payekhapayekha.

Nkhani ya galimotoyi ikutikumbutsanso chinthu chimene ambiri amaphonya, chakuti mtengo wa katundu si wa pa lisiti ya wogulitsa wokha. Ndalama ya sitima, ya lole, msonkho wa pa chipata, malipiro a ejenti wotulutsa katundu, zonse zimene zinalipiridwa kuti katunduyo afike pamene ali, zimalowa mu mtengo wake. Mayi wopita ku Johannesburg kukaoda zovala akaiwala kugawira zovalazo ndalama ya basi ndi imene anasiya pa Mwanza kapena pa Dedza, aziona ngati diresi lililonse likumupatsa phindu lonona. Koma zolipira potsatsa malonda, kapena katundu amene wawonongeka chifukwa cha kusasamala, sizilowa. Zimenezo ndi zotayika za chaka chomwecho.

Lamulo lina ndi la kusamala. Katundu amalembedwa pa mtengo umene unamugulira kapena pa ndalama imene ungapeze ukamugulitsa, utachotsapo zolipira pogulitsapo, ndipo pa ziwirizi umatenga yochepayo. Denga likadontha matumba 10 n'kuuma gwa ngati miyala, sungapitirize kuwalemba pa K21,000. Chimanga chikalowa anankafumbwe, mankhwala akapyola tsiku lake, mafoni a chaka chatha akasiya kufunidwa, kutayikako kulembedwe pompo. Koma mtengo ukakwera, suloledwa kulemba phindu usanagulitse. Lamuloli limayang'ana mbali imodzi mwadala, chifukwa munthu akamawerengera katundu wake sachedwa kudzinamiza chokweza.

Ndipo zonsezi zimatsamira pa ntchito yotopetsa ija yowerenga stoko. M'mashopu ambiri ang'onoang'ono mtengo wa katundu wogulitsidwa amaupeza pochotsera: amene unayamba naye, kuphatikiza amene waoda, kuchotsa amene watsala. Choncho chilichonse chosowa pa shelefu chimaoneka ngati chinagulitsidwa, ngakhale chinatuluka m'chikwama cha wantchito. Komanso ukawonjezera katundu wotsala ndi K500,000, mwangozi kapena mwadala, phindu nalo lakwera ndi K500,000 yomweyo. N'chifukwa chake maodita amafika okha m'nyumba zosungira katundu tsiku lowerenga, n'kumatsegulitsa makatoni a pakati pa mulu, osati a pamwamba okha.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndinaimvetsa bwino chifukwa cha minibasi ya achimwene anga. Madzulo aliwonse dalaivala ankabwera ndi ndalama ya tsikulo, mafuta atachotsa kale, kondakitala atalandira zake. Achimwene ankawerenga, n'kulemba mu kope, n'kunena kuti limeneli ndiye phindu. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Achimwene, pali munthu mmodzi amene simukumulipira." Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe mphwanga, ndani ameneyo? Aliyense amalandira zake pano." Ndinaloza minibasiyo, ili panja injini ikuzizira. Tsiku lililonse inkabwerako itatha pang'ono, ndipo kuthako sikunkalembedwa paliponse chifukwa palibe amabwera ndi invoisi yake.

Kutha kumeneku ndi kumene maakauntanti amati depreciation. Ganizo lake n'losavuta. Ukagula chinthu chimene chidzagwira ntchito zaka zingapo, monga galimoto, chigayo, jenereta kapena kompyuta, si bwino kuwerengera ndalama yonse ngati yotayika chaka chogulacho. Ukatero chaka choyamba chioneka ngati cha tsoka, zotsatirazo ngati za mwayi, pomwe chinthucho chathandiza zaka zonsezo. Ndiye mtengo wake umagawidwa pa zaka zimene chigwire ntchito. Lamulo lake ndi IAS 16, ndipo limafuna kuti uyankhe mafunso atatu: chinadya ndalama zingati mpaka kuyamba ntchito, chidzagwira ntchito nthawi yaitali bwanji, ndipo pamapeto pake ungadzachigulitse zingati. Funso loyamba lili ndi malisiti. Awiri enawo ndi kulosera.

Manambala enieni a achimwene sindiwaulula, titenge osavuta awa. Minibasi yadya K24,000,000, tikuyembekeza kuti igwira ntchito zaka 5, kenako tidzaigulitsa K4,000,000. Zoti zigawidwe ndi K20,000,000. Njira yodziwika kwambiri ndi yogawa mofanana, K4,000,000 chaka chilichonse, yomwe ndi pafupifupi K11,000 pa tsiku. Imeneyi ndiyo inali ndalama ya munthu wosalipidwa uja. Tsiku limene dalaivala wabweretsa yochepera pamenepa, minibasi yayenda moluza ngakhale m'manja muli ndalama.

Koma aliyense amene anagulapo galimoto amadziwa kuti siitsika mofanana. Imagwa kwambiri zaka zoyambirira, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Njira yachiwiri imatsata zimenezi pochotsa peresenti yomweyomweyo pa mtengo wotsala. Tikatenga 30 peresenti, chaka choyamba tichotsa K7,200,000, kutsala K16,800,000. Chachiwiri tichotsa K5,040,000, chachitatu K3,528,000, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chachisanu mtengo wotsala ukhala utangopitirira pang'ono K4,000,000. Tafika pamalo omwewo, koma katundu wolemera tamusenza koyambirira. Ine njira imeneyi ndimaikonda pa magalimoto chifukwa china: galimoto ikamakalamba ndi pamene imayamba kukhalitsa kwa makaniko. Depreciation ikamatsika zokonzetsa zikukwera, ziwirizi pamodzi zimapereka mtolo wofananirako chaka ndi chaka.

Njira yachitatu siiwerenga zaka, imawerenga ntchito. Tikayesa kuti minibasiyi idzayenda makilomita 400,000 isanatheretu, kilomita iliyonse ikudya K50. Ulendo umodzi wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 300, wadya kale K15,000 ndi kanthu, kupatula mafuta. Ikakhala pa garaja mwezi wonse, m'buku simulembedwa kanthu. Njirayi imayenera zinthu zimene ntchito yake imadumphadumpha, monga thirakitala yogwira ntchito nyengo yolima yokha, kapena makina a m'migodi.

Si chilichonse chimene chimatha. Malo sawerengeredwa depreciation, koma nyumba yomangidwa pamalopo imawerengeredwa, choncho wogula puloti yokhala ndi nyumba ayenera kugawa mtengowo pawiri. Chinthu chachikulu chokhala ndi ziwalo zotha pa nthawi zosiyana chimagawidwanso. Pa chigayo, mota ndi nyumba yake sizikalamba limodzi, monganso injini za ndege zimawerengeredwa padera ndi thupi la ndegeyo. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kuyambira mu 2016 zomera zobereka chaka ndi chaka zinalowetsedwa m'gulu lomweli. Mitengo ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, mitengo ya makademiya, ngakhale zitsa za nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, m'mabuku zimaonedwa ngati makina: zinadya ndalama kuti zifike pobereka, ndipo zili ndi zaka zake zoti zibereke.

Popeza mafunso awiri mwa atatu aja ndi olosera, apa ndi pamene pamalowera chinyengo. Kampani ya ku America yotola zinyalala, Waste Management, inkatalikitsa zaka za malole ake m'mabuku ndi kukweza ndalama imene inkati idzawagulitsira. Depreciation inachepa, phindu n'kuoneka lonenepa. Mu 1998 inavomera kuti phindu la zaka za 1992 mpaka 1997 linali litakwezedwa ndi madola pafupifupi 1.7 biliyoni. Mu 2002 kampani ya matelefoni ya WorldCom inagwidwa ndi msampha wapafupi ndi umenewu: ndalama zolipira tsiku ndi tsiku, madola oposa 3.8 biliyoni pa zimene zinayamba kuululika, inkazilemba ngati yagulira zipangizo zokhalitsa, kuti izigawe pa zaka zambiri m'malo mozichotsa pa phindu la chaka chomwecho. Malire amenewa alipo ngakhale pa minibasi. Kusintha oyilo ndi mabuleki ndi zolipira za chaka chino. Kuika injini ina imene italikitse moyo wa galimotoyo ndi kuwonjezera pa mtengo wake.

Sikuti kusintha zaka kulikonse ndi kuba, ayi. Lamulo lenilenilo limafuna kuti chaka chilichonse uunikenso kulosera kwako. Mu 2023 Alphabet, kampani imene ili ndi Google, inalengeza kuti makompyuta ake akuluakulu osungira zinthu za pa intaneti iziwawerengera zaka 6 m'malo mwa 4, ndipo kusintha kokhako kunachepetsa depreciation ya chaka chimenecho ndi madola pafupifupi 3.9 biliyoni. Anachita poyera, n'kupereka zifukwa. Komabe taganizirani: palibe kasitomala watsopano anabwera, palibe waya anasunthidwa, phindu linakwera chifukwa cha nambala imodzi. Amene amagula masheya pa Malawi Stock Exchange angachite bwino kumawerenga masamba a kumbuyo kwa malipoti a pachaka, a zilembo zing'onozing'ono aja, chifukwa zaka zimenezi ndi njira yowerengera stoko zimalembedwa kumeneko.

Nthawi zina chinthu sichitha pang'onopang'ono. Namondwe Ana atawononga damu la pa Kapichira mu Januwale 2022, magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 anazima tsiku limodzi. Ngozi zotere, kaya ndi madzi osefukira, moto, kapena makina kungosiya kufunidwa, zili ndi lamulo lakelake, IAS 36. Ngati chimene ungapeze pa chinthucho, pochigwiritsa ntchito kapena pochigulitsa, chatsika kuposa mtengo wolembedwa m'buku, kusiyanako kumachotsedwa nthawi imodzi.

A msonkho nawo ali ndi mawu awo. Popeza aliyense amasankha yekha zaka ndi njira, boma silingalole kuti msonkho udalire kulosera kwa wolipirayo. Choncho powerengera msonkho, depreciation ya m'mabuku ako imabwezeredwa pa phindu, m'malo mwake n'kuchotsa ma capital allowance, amene kukula kwake kunaikidwa m'malamulo a msonkho malinga ndi mtundu wa chinthucho. Boma limagwiritsanso ntchito njira imeneyi pokopa anthu, monga kulola opanga zinthu m'mafakitale kuchotsa gawo lalikulu la mtengo wa makina atsopano koyambirira. Zotsatira zake n'zakuti chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo iwiri, wa m'mabuku a kampani ndi wa ku MRA. Si chinyengo, ndi mmene dongosolo lilili, ndipo maakauntanti amasunga kaundula wa zonse ziwiri.

Pali kusamvetsa kumodzi kumene ndimakumana nako kawirikawiri, ngakhale kwa anthu ophunzira. Amaganiza kuti depreciation ndi ndalama imene yasungidwa penapake yodzagulira chinthu china. Ayi ndithu. Ndi mzere wa m'buku chabe, palibe kwacha imene imasuntha. Chimene imachita ndi kuchepetsa phindu lolembedwa, kuti mwini bizinesi asatenge zambiri kuposa zimene bizinesiyo yapanga. Ndalama yotsalayo ikhoza kukhala ku banki, ikhoza kukhala mu stoko, ikhozanso kukhala kwa angongole amene sanabweze. Wofuna kuti tsiku losintha galimoto lidzamupeze ali ndi kanthu ayenera kumaika yekha padera.

Ndipo ngakhale ataika, kwacha imamudikira panjira, monga inamudikira mayi wa simenti uja. Depreciation imawerengeredwa pa mtengo wogulira. Ukasunga mokhulupirika K4,000,000 chaka chilichonse, pakutha pa zaka 5 uli ndi K20,000,000, n'kuwonjezerapo ya kugulitsa yakaleyo. Koma minibasi imagulidwa ndi madola. Munthu amene anagula yake kumayambiriro kwa 2022 anaona kwacha ikutsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene inagula minibasi nthawi imeneyo siingaigulenso. IAS 16 imalola kampani kuitana akatswiri kuti aunikenso mtengo wa katundu wake n'kulemba wa lero, ndipo ambiri amachita zimenezi pa malo ndi nyumba. Kukwerako sikulowa mu phindu logawana, kumakhala padera, ndipo depreciation ya zaka zotsatira imakwera chifukwa ikuwerengeredwa pa mtengo watsopano. Koma akatswiriwo amalipidwa, ndiye wa minibasi imodzi kapena chigayo chimodzi nthawi zambiri sazifikira.

Achimwene anadzagulitsa minibasi yawo injini itayamba kudya oyilo ngati mafuta. Chifukwa cha kugwa kwa kwacha, anaigulitsa ndalama zambiri kuposa zimene zikanakhala zitatsala m'buku, ndipo wowerengera aliyense akanalemba kuti apindula pa kugulitsako, a msonkho n'kuyang'anaponso. Anandiimbira foni mokondwa kuti, "Mphwanga, paja unkati galimoto imatha? Taona ndalama ndapezazi." Sabata yotsatira anapita kukafunsa mitengo ya minibasi ina kwa oitanitsa magalimoto. Ndalamayo inakwanira njinga zamoto ziwiri za kabaza.